Doko la Baltimore ndi anthu a kumtunda kwake

Mlendo akafika ku Baltimore, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja yamchere kumwera cha kumadzulo kwa dziko la Ireland, n'kufunsa kumene Akatolika amapemphera Lamulungu, eni mudzi amamulozera msewu womwe wadzera uja. Pakati pa mudzi, moyang'anana ndi doko, pali linga lakale lamiyala komanso tchalitchi cha Church of Ireland, mpingo wapachibale ndi Angilikani. Tchalitchi cha Akatolika, omwe ndiwo ochuluka m'deralo, chili ku Rath, makilomita angapo kumtunda, pakati pa minda ndi mipanda yamiyala. Ngakhale parishi yeniyeniyo sidziwika ndi dzina la Baltimore. Imatchedwa Rath and the Islands, kunena Rath pamodzi ndi zilumba zake. Izitu zili ndi mutu wake: kwa zaka mazana anayi, doko lidali la aliyense wokhala ndi ngalawa ndi ndalama, pamene ana a nthaka adatsalira kumtunda ndi pazilumba, akuyang'ana nsomba zikupita kwa ena.

Malowa ali m'boma la Cork, pafupifupi makilomita 13 kuchokera m'tauni ya Skibbereen, pomwe mtsinje wa Ilen umathira m'nyanja. Kutsogolo kwa mudzi kuli chilumba cha Sherkin, chomwe chagona ngati chitseko n'kutchinga mafunde a Atlantic, mwakuti ngalawa yothawa namondwe ikangolowa pakamwa pa dokoli yapulumuka. Kupitirira Sherkin kuli Cape Clear, chilumba chokhala anthu chakumwera kwenikweni kwa dziko lonse, ndipo kupitirira apo kuli thanthwe la Fastnet lokhalokha. Kumpoto kwa zilumbazi kuli Roaringwater Bay, kodzaza tizilumba ndi matanthwe. Nthaka yake njamiyala, mitengo njosowa, mphepo njosalekeza. Mzinda waukulu wa Baltimore wa ku America sudatenge dzina pano ayi. Udalitenga kwa banja la Calvert, lomwe ufumu wake udatchulidwa ndi malo ena a m'boma la Longford. Eni dera ali ndi dzina lawo la Chiairishi, Dún na Séad, lomwenso ndi dzina la linga lija.

Kale dziko lonseli lidali la mtundu wa O'Driscoll. Chuma chawo sichidali cha khasu. Chaka ndi chaka kunkabwera ngalawa za asodzi ochokera ku Spain, France ndi England, ndipo aliyense woponya ukonde pakati pa Fastnet ndi matanthwe a Stags ankalipira kwa mfumu ya O'Driscoll. Zolembedwa za boma za mu 1609 zidasunga mndandanda wa msonkhowo: ndalama, mgolo wa ufa, mgolo wa mchere, mowa, ndi mbale ya nsomba katatu pa sabata. Woimika ngalawa padoko ankalipiranso zake. Ndi chuma chimenechi adamanga malinga pazilumba ndi pamitu ya matanthwe, ndipo mu 1460 adamangira ansembe a chipani cha Afransisko nyumba pa Sherkin, yomwe makoma ake akadalipo pafupi ndi pokocheza boti.

Kulandira msonkho ndi kulanda zidali zoyandikana kwambiri kwa mafumuwa. Mu 1537 ngalawa yonyamula vinyo kupita ku Waterford idathawira padokoli chifukwa cha mkuntho. A O'Driscoll adailandira bwino, kenako n'kuigwira pamodzi ndi vinyo wake. Amalonda a ku Waterford, omwe adali ndi mangawa akale ndi mtunduwu, adabwera ndi ngalawa zankhondo, natentha Baltimore, linga la pa Sherkin ndi nyumba ya ansembe ija. Zidzukulu za O'Driscoll, zomwe zimasonkhana m'mudzimu chaka chilichonse kuchokera kumaiko akutali, zimaikamba nkhaniyi mosekerera. Kunena zoona, a O'Driscoll sadali oyera mtima, komabe nthawi yawo ndi imene phindu la nyanjayi linkatsala m'manja mwa anthu olankhula chiyankhulo cha m'deralo.

Ufumuwo udatha ndi nkhondo ya Kinsale. Mu 1601 asilikali a ku Spain adabwera kudzathandiza mafumu a Ireland polimbana ndi Mfumukazi Elizabeth, ndipo Sir Fineen O'Driscoll, yemwe kale adali bwenzi la Angerezi, adapereka malinga ake kwa alendowo. Atagonja adakhululukidwa, koma mphamvu zidali zitatha ndipo ngongole zidamuzinga. Mu 1605 adabwereketsa Baltimore kwa Mngerezi wina, Thomas Crooke, kwa zaka 21. Crooke adabweretsa mabanja a Chipulotesitanti ochokera ku England, ambiri a kumadzulo kwa dzikolo komwe usodzi ankaudziwa, namanga mudzi wawo m'mbali mwa doko. Pofika 1613 kamudzi kameneka kadali kakutumiza aphungu awiri ku nyumba ya malamulo ku Dublin. Apa ndi pomwe mudzi ndi parishi zidayamba kuyenda njira zosiyana.

Chidawakoka atsamundawa ndi pilchard, nsomba yoyenda m'magulu ngati usipa koma yokulirapo ndi yamafuta kwambiri. Munthu ankaima pamwamba pa thanthwe kuyang'ana pomwe madzi adera, n'kumalozera anzake a m'maboti kokazinga khoka. Nsombazo ankazisanja mumchere kwa masabata angapo, n'kuziika m'migolo, kenako kuzipsinja ndi mtanda wolemedwa ndi miyala mpaka mafuta atatuluka. Mafutawo ankagulitsidwa pawokha, oyatsira nyale ndi kufewetsera zikopa, pamene nsombazo zinkapita kumaiko a Chikatolika a kumwera kwa Ulaya komwe anthu sankadya nyama m'masiku osala. M'matanthwe ena a m'gombeli mabowo omwe ankalowetsamo mitanda ija akuonekabe. Panalinso phindu lina losatchulika pagulu. Achifwamba a panyanja ankagula chakudya ndi kugulitsa katundu wakuba padokoli, ndipo Crooke mwiniwake adaitanidwapo ku London kukayankha mlandu woti amagwirizana nawo, ngakhale sadamupeze wolakwa.

Tsiku lomwe mudziwu umadziwika nalo ndi la 20 Juni 1631. Usiku umenewo ngalawa ziwiri zochokera ku Algiers, kumpoto kwa Africa, zidaima kunja kwa doko. Mtsogoleri wake adali Murat Reis, mbadwa ya ku Holland yomwe dzina lake lobadwa nalo lidali Jan Janszoon, ndipo idalowa Chisilamu itagwidwa ndi achifwamba a panyanja. M'njira adali atagwira msodzi wa ku Dungarvan, John Hackett, yemwe adawalondolera polowera. Anthu ali m'tulo, achifwambawo adatsikira kumunsi kwa mudzi kotchedwa Cove, nayatsa madenga, nagwira aliyense wotuluka. Wina wa kumtunda kwa mudzi, William Harris, adaomba mfuti ndipo ng'oma idalizidwa, zomwe zidachititsa adaniwo kuganiza kuti asilikali afika, nabwerera kungalawa zawo. Koma adali atatenga kale anthu oposa 100, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Bambo wina, William Gunter, yemwe adali paulendo usikuwo, adabwerera n'kupeza mkazi wake ndi ana ake aamuna asanu ndi awiri atapita. Sitima yankhondo ya boma yomwe idayenera kulondera gombeli idali ku Kinsale yopanda chakudya chokwanira kuti inyamuke.

Ogwidwawo adakagulitsidwa pamsika wa akapolo ku Algiers, ndipo odziwika kuti adawomboledwa ndi awiri kapena atatu okha, awiriwo patapita zaka pafupifupi 15. Hackett adamunyonga pamwamba pa thanthwe loyang'ana kunyanja. Pali mphekesera yomwe olemba mbiri amaibwerezabe, yoti loya wina wachuma wa ku Cork, Sir Walter Coppinger, yemwe ankalimbirana malowa ndi atsamunda aja m'makhoti, ndiye adakonza chiwembucho. Umboni wake palibe, kungoti ndi iye amene adafunitsitsa kuti Angereziwo achoke. Otsala ambiri adasamukira kumtunda kwa mtsinje, ku Skibbereen, ndipo tauniyo idakula pamene Baltimore idafota. Chodabwitsa n'chakuti mudzi wotsala nyumba zowerengeka udapitiriza kukhala ndi aphungu awiri, osankhidwa ndi mwini malo, mpaka nyumba ya malamulo ya Dublin idathetsedwa mu 1800.

Nkhani ya 1631 ndi yomwe mlendo amauzidwa, ndipo malo ena omwera mowa m'mudzimu adatenga dzina pa iyo. Koma idagwera anthu obwera omwe adakhalapo zaka zosakwana 30. Mbiri ya anthu ambiri a derali ili kuseri kwa phiri, ndipo kuti munthu ayimve ayenera kudziwa m'mene dziko la Ireland lidagawidwira.

Kachigawo kakang'ono kwambiri ndi townland, kadera ka minda ingapo ndi mabanja ochepa, kokhala ndi dzina ndi malire ake. M'dziko lonse timadera totere tilipo pafupifupi 61,000, ndipo maina ambiri ndi a Chiairishi, ofotokoza phiri, dambo, linga kapena banja lomwe lidakhalapo. Mpaka lero munthu wakumudzi akafunsidwa kwawo amatchula townland yake, ndipo kalata imamupeza ndi dzina limenelo. Pafupi ndi Baltimore pali ina yotchedwa Spain, pomwe padamangidwa nsanja yolondera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, boma likuopa kuti Afalansa abweranso monga adachitira ku Bantry Bay mu 1796. Matownland angapo amapanga parishi. Maparishi akalewo, pafupifupi 2,500, adakhazikika zaka za m'ma 1100 ndi 1200, lililonse ndi tchalitchi ndi manda ake. Baltimore ndi Sherkin zidali m'parishi ya Tullagh, kumpoto kwake kudali Creagh, ndipo Cape Clear idali parishi payokha.

Mafumu a England atapatuka ku Roma, matchalitchi akalewo, malire ake ndi chakhumi chake zidapita ku mpingo wa boma. Anthu wamba adakhalabe Akatolika, koma ankalipira chakhumi kwa m'busa yemwe sankapemphera naye. Ansembe awo adali ochepa ndi osakidwa, choncho wansembe mmodzi ankasamalira maparishi akale awiri kapena atatu, akuchita Misa panja kapena m'kachisakasa. Malamulo atayamba kufewa, ndipo makamaka ufulu wa Akatolika utaperekedwa mu 1829, matchalitchi atsopano adamangidwa pomwe padali anthu ndi pomwe mwini malo adalola, osati pomwe padali akale aja. Ndiye chifukwa chake mapu a maparishi ku Ireland alipo awiri osagwirizana: a boma, omwe akalembera ndi oyeza malo ankagwiritsa ntchito, ndi a Akatolika, omwe anthu amabatizidwira, kukwatira ndi kupangira matimu a mpira wamakolo awo. Wofufuza makolo ake a ku Baltimore amawapeza pansi pa Tullagh m'mabuku a msonkho ndi pansi pa Rath m'mabuku a ubatizo. Pa maliro pokha m'pomwe mapu akale sadagonje, poti mabanja adapitiriza kuika akufa awo m'manda a pabwinja la tchalitchi chakale, pambali pa makolo awo.

Anthu a m'matownland amenewa ankakhalira mbatatesi. Nthaka yamiyala ija ankainenepetsa ndi zomera za m'nyanja komanso mchenga wa zigoba, zomwe ankazisenza pamsana m'madengu kuchokera kugombe, n'kuunda mizere ikuluikulu ndi fosholo. Ufulu wodula zomerazo pathanthwe lakutilakuti udali wa banja lakutilakuti, ndipo anthu ankamenyanirana. Ekala imodzi inkadyetsa banja lonse, mwamuna wamkulu akudya makilogalamu pafupifupi 6 pa tsiku. Tirigu, nkhumba ndi batala zidali zolipirira lendi kwa eni malo monga a Freke, omwe adadzakhala Lord Carbery, ndi a Becher. Popeza gombe linkapereka manyowa aulere, anthu adathithikana kwambiri m'mphepete mwa nyanja kuposa mkati mwa dziko. Pa kalembera wa 1841, Sherkin ndi Cape Clear chilichonse chidali ndi anthu oposa 1,000.

Chiwawu chidagwira mbatatesi mu 1845, ndipo mu 1846 chidapsereza minda yonse. Dera la Skibbereen lidasanduka dzina la njalayo. Mu Disembala 1846 woweruza wa ku Cork, Nicholas Cummins, adalembera Duke of Wellington kalata yofotokoza zomwe adaona ku South Reen, m'parishi ya Myross, ndipo idasindikizidwa m'nyuzipepala ya The Times. Kumayambiriro kwa 1847 wojambula James Mahony adayenda m'derali, zithunzi zake n'kutuluka mu Illustrated London News. Dokotala wa m'tauniyo, Daniel Donovan, ankalemba za odwala ake tsiku ndi tsiku. Nyumba ya osauka yomangidwira anthu 800 idasefukira. Mabokosi atasowa, adapanga lotseguka kunsi: mtembo unkagwera m'dzenje, bokosi n'kubwerera kukatenga wina. Ku manda a Abbeystrowry, m'mbali mwa mtsinje wa Ilen, kuli maenje momwe mudakwiriridwa anthu pakati pa 8,000 ndi 10,000 opanda maina.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti, anthu okhala m'mbali mwa nyanja yodzaza nsomba adafa bwanji ndi njala? Ena nthawiyo ankati ndi ulesi. Yankho lake ndi losavuta ngakhale lili lowawa. Maboti awo adali aang'ono, opalasa, osatha kupita kutali m'nyengo yachisanu pomwe Atlantic amalusa. Chaka choyamba cha njala ambiri adapinyolitsa maukonde ndi maboti omwewo kuti agule ufa, poganiza kuti chaka chamawa zinthu zikhala bwino. Mchere wosungira nsomba unkafuna ndalama, msewu wopita kumsika udali woipa, ndipo munthu wanjala sangapalase tsiku lonse. Nkhono ndi zomera zodyedwa za m'gombe zidatha msanga. Dziko lomwe lidali ndi anthu oposa 8 miliyoni mu 1841 lidatsala ndi 6.5 miliyoni mu 1851. Opita ku America ankadutsa pa Fastnet, pomwe nyali yoyamba idayatsidwa mu 1854, ndipo kwa ambiri thanthwelo ndilo lidali gawo lomaliza la kwawo kuliona.

Patadutsa zaka 30 nsomba zidaonetsanso mwini wake. Magulu a makerele ankabwera kugombeli chaka ndi chaka, ndipo ankawagwira ndi asodzi a ku Isle of Man, Cornwall, Scotland ndi France okhala ndi ngalawa zikuluzikulu za matanga, eni dera akungoonerera kapena kugwira ganyu. Wansembe wa parishi ya Rath, Bambo Charles Davis, yemwe adafika mu 1879, adaona kuti chosowa ndi ngalawa basi. Adadandaulira mayi wina wachuma kwambiri wa ku London, Baroness Angela Burdett-Coutts, amene adapereka mapaundi 10,000 ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja. Asodzi a pa Cape Clear ndi Sherkin adagula ngalawa zonga za ku Isle of Man, ndipo ngongole ankabweza. Pa zonse zochitika padokoli, ichi n'chimene chidatsutsa bodza la ulesi lija. Mu 1887 mayiyu adadzatsegula sukulu yophunzitsa anyamata usodzi, kuluka maukonde ndi kukhoma maboti. Njanji idafika kuchokera ku Skibbereen mu 1893. Makerele a m'chilimwe choyamba ankapita ku England ali m'madzi oundana, a kumapeto kwa chaka ankang'ambidwa ndi amayi padoko, kuthiridwa mchere m'migolo n'kutumizidwa ku America. M'zaka zomwezo malamulo a malo, makamaka la 1903, adalola alimi kugula minda yomwe makolo awo ankalipirira lendi.

Sizidakhalitse. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mitengo idagwa, America idakweza msonkho wa nsomba zolowa, ndipo achinyamata adayambanso ulendo wa ku Boston ndi ku England. Amisiri a pasukulu ija adakhomabe maboti otchuka: Saoirse, yomwe Conor O'Brien adazungulira nayo dziko lapansi kuyambira 1923 mpaka 1925, ndi Ilen ya 1926, yomwe idakagwira ntchito zaka zambiri kuzilumba za Falkland isadabwezedwe n'kukonzedwanso pamtsinje womwewu. Koma sukuluyo idali itasanduka kosungira ana amasiye ndi osauka otumizidwa ndi makhoti. Idatsekedwa mu 1950. Komiti ya boma yofufuza nkhanza kwa ana, motsogozedwa ndi woweruza Mary Laffoy, idamva umboni wa madoda omwe adakulira kumeneko, ndipo lipoti lake la 2004 lidapeza kuti anawo ankagona ndi njala, kuzizidwa, kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Ana anjala padoko la nsomba, patatha zaka 100 chichitikireni njala yaikulu, m'manja mwa mpingo womwe udabweretsa ngalawa. Wokamba za Bambo Davis osatchula zimenezi wakamba theka la nkhani. Sitima yapamtunda idasiya kufika mu 1961.

Ireland italowa m'bungwe la maiko a Ulaya mu 1973, alimi adapeza misika ndi thandizo, koma asodzi mpaka pano amadandaula kuti gawo lalikulu la nsomba za m'madzi awo lidapatsidwa kwa maiko ena. Ngalawa zikuluzikulu zimakocheza ku Castletownbere ndi Union Hall. Padoko la Baltimore lero pamadzaza maboti a anthu okasangalala, oonerera anamgumi ndi osambira pansi pa madzi, ndipo linga la O'Driscoll lidakonzedwanso n'kutsegulidwa kwa alendo. Boti lopulumutsa anthu panyanja, lomwe lakhalapo kuyambira 1919, likuyendetsedwabe ndi anthu ongodzipereka a m'deralo, ndipo lidali m'gulu la omwe adatuluka usiku wa namondwe wa mpikisano wa maboti a matanga wa Fastnet mu 1979. Nyumba zambiri zoyang'ana kunyanja zidagulidwa ndi anthu a ku Cork, Dublin ndi maiko akunja omwe amabwera miyezi yotentha yokha, ndipo mitengo yake mwana wa msodzi sangaikwanitse.

Okhazikika m'mudzimu chaka chonse sakwana 500. Pa Cape Clear, pomwe Chiairishi chikulankhulidwabe ndipo ana a m'mizinda akhala akubwera kudzachiphunzira patchuthi, patsala anthu ongopitirira pang'ono 100, chimodzimodzinso pa Sherkin. Sukulu ya pulayimale ya pa Sherkin idatsekedwa mu 2016, ndipo ana a pachilumbapo amakwera boti m'mawa uliwonse kukaphunzira kumtunda.